Kaundula wa pa Mkaika

Ine ndine mlembi wa mpingo pa Mkaika.
Kope langa ndi la chikuto chofiira,
mizere ndinajambula ndekha ndi lula:
dzina, mudzi, zaka, tsiku.

Lamulungu lapitali tinawerenga mndandanda wa makolo akale aja
okhala zaka mazana asanu ndi anayi,
wina kupyolanso apo.
Amayi a kumbuyo anagwirana m'nthiti,
wina nati, ameneyo ankatafunira mano a yani?

Titatuluka, mkangano pansi pa mtondo.
A Yolamu okonza njinga anatulutsa foni:
zaka zimenezo inali miyezi chabe,
gawani ndi khumi ndi ziwiri,
mupeza nkhalamba wamba ngati a Nasimango.
Tinagwedeza mitu,
mpaka mnyamata wa kwaya anagawanso za wina uja
anabala mwana ali ndi makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu,
napeza kakhanda ka zaka zisanu kali kale bambo.
A Yolamu anabweza foni m'thumba,
ati batire latha.

Mkulu wa mpingo ati tchimo ndi chiswe.
Chimayamba ndi nsichi imodzi,
nyumba n'kuimabe,
koma mbadwo uliwonse umalandira denga lotsikirako.
Akale aja chinali chisanafike kuphaso.
Mawuwo anandikomera,
ndinawalemba kuseri kwa chikuto.

Lachitatu ndinatsegula kope.
Siyileni Kamanga. Wa kwa Chizuma.
Zaka zinayi.
Malungo, ndipo mtsinje unadzaza,
wakabaza anaima kutsidya.

Apa chiswe chinadya chiyani?
Mwana amene mlandu wake wonse
unali kutola makaka pathandala
n'kukatafunira kuseri kwa bafa?
A Mapulanga, ogulitsa munda wa amasiye kawiri,
makumi asanu ndi anayi akwana,
akupalasabe njinga mpaka ku Dwangwa.
Ngati imfa ndi malipiro,
kapitawo wasokoneza matikiti.

Sindinawafunse akulu.
Anali atagwira khasu kumanda,
thukuta lili noninoni,
ndipo ndinaona kuti nawonso sakuyang'ana aliyense.

Usiku ndinabwerera ku mndandanda uja ndi tochi.
Ndinkafuna kudziwa
chimene munthu amachita ndi zaka mazana asanu ndi anayi.
Analima kangati? Anaika ana angati?
Anatopa liti ndi kulira kwa tambala?
Palibe.
Dzina, zaka, mwana wake, imfa.
Wotsatira: dzina, zaka, mwana wake, imfa.
Ndinaseka ndekha mumdima.
Wolembayo anali mlembi mnzanga,
naye anali ndi lula,
naye anali ndi mizere inayi.
Wa zaka mazana anamupatsa kadanga kake,
ine Siyileni ndamupatsa kake,
ndipo ukatseka buku, masamba amakhudzana.

Mmodzi yekha pakatipo alibe tsiku.
Ankayenda, kenaka sanapezeke.
Mnzanga uja sanapeke chifukwa,
anasiya mpatawo uli mbee,
napitirira ku dzina lina.
Pamenepo ndinamukhulupirira.

M'mawa kunabwera a Nachanza, mayi wake,
maso otupa, chitenje cha dzana chomwecho.
Ati ndionetseni pamene mwamuika.
Kuwerenga sadziwa.
Ndinawagwira chala n'kuchiika pa dzina.
Anachiyendetsa mpaka kumapeto,
nati, basi? N'zomwezi?
Simunalembe kuti mbuzi ankazitcha mayina?
Kuti ankaopa bakha wa a Yolamu?
Kuti nsapato ankavala mosemphanitsa,
ukamukonza n'kulira?

Ndinalibe vesi.
Ndinatenga lula,
ndinajambula mzere wachisanu m'mphepete,
wopapatiza, wopanda mutu.
Iwo ankanena, ine ndinkalemba,
mpaka zilembo zinasefukira m'danga la munthu wina
amene sanamwalire,
amene mwina panopa akupalasa njinga,
kapena ndi ine.

Lamulungu likubwerali mkangano udzapitirira.
A Yolamu akuti apeza masamu ena.
Ndidzakhala nawo pansi pa mtondo,
kope lili m'khwapa.